Dima la Maina Osakhalapo

"Ababa, kodi loko amadziwa bwanji kuti kiyi uyu ndi wathu? Amachita kukumbukira, kapena amakafunsa kwa wina?"

Anafunsa choncho ndi Ndaziona, mwana wa a Katsukunya, adakali kamtsikana kothothoka mano akutsogolo, tsiku lina bambo akewo akutsekula kanyumba kawo kokhomeramo zidebe ndi mbaula pa msika wa Tsitsaniko. A Katsukunya anangoseka, nati loko alibe mutu. Sankadziwa kuti mu Ufumu wa Takanakale mudzabwera loko wokhala ndi mutu, ndipo kuti mutuwo udzasautsa mwana wawo yemweyo atakula.

Ufumuwo unagula kompyuta yaikulu yosunga makalata a pa foni, aja amati imelo. Akatswiri ankaitcha seva, koma anthu wamba anaipatsa dzina loti Mlonda. Ntchito yake inali yosavuta kumva. Munthu akafuna kuwerenga makalata ake, ankalemba dzina ndi pasiwedi. Mlonda ankathamangira kwa kompyuta ina yokalamba, yotchedwa Kaundula, imene inkasunga maina a anthu m'chipinda cha pansi pa nyumba yachifumu, n'kukafunsa kuti, "Uyu mukumudziwa?" Kaundula akati inde, munthu alowe. Akati palibe, munthu abwerere.

Vuto linali lakuti Mlonda sankasunga kanthu m'mutu. Munthu yemweyo akabwera kakhumi, Kaundula naye afunsidwe kakhumi. Ndiye anthu a ku Takanakale makalata amawakonda zedi. Ngakhale amene sanalemberedwepo ndi munthu chibadwire amatsegula m'mawa ndi madzulo kuti aone ngati zasintha. Kaundula anayamba kupuma mobanika. Tsiku lina anakomoka, pa nthawi yomwe Mfumu Sindibweza Wachiwiri inkafuna kuonetsa alendo akunja makalata oiyamikira.

Bwalo linaitanidwa mwachangu. Anaitanidwanso Anankhoma, mayi wophunzira za makompyuta amene ankasamalira Mlonda, yemwe kwawo anali woyandikana nyumba ndi a Katsukunya.

"Mfumu ya mafumu," anatero Anankhoma atagwada, "timusokere Mlonda kathumba kokumbukiramo. Kaundula akayankha, Mlonda azisunga yankholo kwa kanthawi, kuti munthu yemweyo akabweranso asakadzutsenso nkhalamba ija. Inde azimusunga ola limodzi kapena kupitirirapo. Koma ayi azimuiwala msanga, nthawi yowiritsa tiyi basi, chifukwa munthu amene m'mawa palibe akhoza kukhala atalembedwa masana."

Kenako anaimirira Olemekezeka Kalongolola, Nduna ya Makalata ndi Malonje, akukonza mkanjo paphewa.

"Aiwale? Mwamva, anzanga? Ayi wa ufumu aiwalidwe tiyi asanawire! Agogo a Mfumu yathu anakana kuti kumwera kwa mtsinje kulimidwe mbatata. Chifukwa chake palibe akuchidziwa, koma kufikira lero kumwera kulibe mbatata, ndipo ulemu wathu wagona pamenepo. Mlonda amayankhula m'dzina la Mfumu. Akakana m'mawa n'kuvomera masana, mawa ana adzayamba kufunsa kawiri!"

Olemekezeka Chikayiko, Nduna ya Chitetezo, anavomereza. Anati pa zaka zawo zonse za ntchito sanaonepo munthu wabwino akukanidwa.

Si bwino kuwaweruza msanga akuluakuluwa. Nawo ankaopa zenizeni: akuba amene amayesa maina ongopeka kuti alowe m'makalata a eni ake alipodi, ndipo kukumbukira ayi kumapumitsa Kaundula kwa anthu otere. Chimene chinawasokoneza n'chakuti funso la makina analiyankha ngati funso la ulemu. Lamulo linatuluka chotere: inde azikumbukiridwa ola limodzi, popeza Mfumu imatha kusintha maganizo pa nduna zake nthawi iliyonse, ayi azikumbukiridwa mpaka masika, ndipo aliyense wochotsa ayi m'kathumba ndi dzanja lake, waukira ufumu. Za kukula kwa kathumbako palibe anafunsa, chifukwa chakudya chinali chitafika.

Lamulolo litawerengedwa pa wailesi, Mai Nasoko ogulitsa tomato anapukusa mutu. "Inde wa ola limodzi, ayi wa mpaka masika. Makinawa sanawagule kunja ayi. Awa ndi abale ake a amuna anga."

A Katsukunya anaseka nawo, n'kupitiriza kukhoma chidebe. Iwo za makalata a pa foni analibe nazo ntchito.

Chaka chimenecho Ndaziona anakhoza mayeso, napempha malo ku sukulu ya anamwino. Kumeneko anamuuza kuti yankho lidzabwera pa imelo ya ufumu, osati mwa njira ina. Anakwera minibasi kupita ku likulu, mzinda wa Bweranimawa, kukalembetsa dzina. Kalaliki anamupatsa pasiwedi, nati zonse zatheka, kenako anatuluka kukadya asanalowetse dzinalo mwa Kaundula. Mtsikanayo, ndi chimwemwe cha chinthu chatsopano, anayesa ali m'minibasi momwemo. Mlonda anakafunsa. Kaundula ananena zoona: palibe. Mlonda anapinda yankholo n'kuliika m'kathumba. Kalaliki uja atabwerako akutokosa m'mano, analowetsa dzina bwinobwino, koma Mlonda sanakafunsenso. Anali akudziwa kale.

Patapita masabata, mnzake wa Ndaziona anaimba foni akukuwa. Maina atuluka, onse awiri asankhidwa. Koma aliyense ayenera kuyankha kalata yake, kuchokera pa dzina lake, pasanafike Lachisanu masana. Wosayankha, malo ake apita kwa odikira, ndipo pa mzere wa odikirawo woyamba anali mphwake wa nduna ina, mnyamata woopa magazi.

A Katsukunya anavala jekete la kutchalitchi. Ku ofesi ya makalata anawaonetsa dzina la mwana wawo pa kompyuta, lolembedwa molondola, n'kuwauza kuti kumbali yawo zonse zili bwino. Lachiwiri linali tsiku limene Mfumu imamva madandaulo, ndiye anatenga mwanayo kupita naye ku bwalo. Anagwada onse awiri.

Mfumu Sindibweza sinali yankhanza. Inamvetsera mpaka pamapeto, ikugwedeza mutu mwachifundo.

"Mwana wakoyo alipo?"

"Alipo, Mfumu. Ndi uyu."

"Ndikumuona. Ndi wamakhalidwe ndithu, wagwada bwino. Kalongolola, Mlonda akuti bwanji?"

"Akuti palibe, Mfumu."

"Waona tsono vuto lake, bambo? Maso anga akuti alipo, pakamwa panga panati palibe. Ndikatsatira maso, pakamwa pachita manyazi." Mfumu inaganiza pang'ono, kenako nkhope yake inawala. "Koma usade nkhawa. Masika sali kutali."

Panja dzuwa linali likuswa mtengo. Mvula yoyamba inali isanagwe n'komwe.

Lachitatu, dzuwa litapendeka, a Katsukunya anapeza Anankhoma akuthirira mpiru kuseri kwa mpanda wa bango umene unkalekanitsa nyumba zawo.

"Aneba, ndithandizeni. Makinawo mumawadyetsa ndinu."

"Bambo a Ndaziona, kuchotsa ayi ameneyo ndi kulemba mzere umodzi pa kompyuta. Ndingathe ndisanamalize kumwa kapu ya madzi. Koma mzere umenewo umasiya dzina langa, ndipo ana anga akadali pa sukulu."

A Katsukunya sanawaimbe mlandu. Anangoima atagwira bango, maso ali pansi.

"Mwanayo akuyesabe kulowa?" anafunsa Anankhoma.

"Tsiku lonse. Akatopa ndimamulandira ine."

"Mayo ine!" Anankhoma anaika chothirira pansi. Anayang'ana kumsewu, kenako anawerama n'kuyamba kuyankhula ndi masamba. "Iwe mpiru, tamvera, poti ine sindikuyankhula ndi munthu. Kathumba kaja n'kakang'ono. Kakadzaza, Mlonda amataya yankho limodzi kuti latsopano lilowe, ndipo amataya lija lakhalitsa pansi osakhudzidwa. Tsono munthu akamagogoda mphindi iliyonse, ayi wake amabwerera pamwamba, watsopano ngati wa lero. Wokakamira ndi amene saiwalika."

A Katsukunya anakanda m'mutu. Anakumbukira zala zawo mmene zinatopera usiku wathawo, akuthandiza mwana kudzitsekera yekha.

"Mpiruwo ukufunsa kuti ndiye atani," anatero.

"Asiye kugogoda. Foni azimitse, chifukwa imagogoda yokha ili m'thumba. Kenako agogode ena, ambiri, ndi maina amene Kaundula sakuwadziwa. Dzina lililonse kamodzi kokha, poti lobwereza silitenga malo atsopano. Akadzaza kathumba ndi ayi watsopano, wakale uja adzagwa yekha. Palibe dzanja limene lamuchotsa. Lamulo silinanenepo za kugwa."

"Ambiri bwanji?"

"Msika wonse, tsiku lonse. Ndipo mwanayo ali ndi mwayi umodzi. Akayesa ayi wake asanagwe, abwerera pamwamba, ntchito yonse yapita m'madzi."

"Ndiye dimatu limenelo."

"Mpiru sudziwa za dima," anatero Anankhoma, natola chothirira chawo.

Dima ndi mwambo uja woti munthu munda ukamukulira, amaphika thobwa n'kuitana anzake kuti amulimire tsiku limodzi. Mu Takanakale mwambowu unali utayamba kuzilala, koma sunafe. Mayi ake a Ndaziona anatereka mphika wa thobwa madzulo omwewo. A Katsukunya, podziwa mwana wawo, anatenga foni yake, naizimitsa, naiika m'chitini, n'kumata chivindikiro ndi mtovu kuzungulira konse. Ndaziona anayang'ana chitinicho ngati akuyang'ana bokosi la maliro.

Lachinayi m'mawa a Katsukunya anakwera pa benchi pakati pa msika n'kumenya chidebe.

"Abale anga, ndili ndi munda wandikulira! Makasu musatenge, tengani mafoni. Ntchito yake ndi yolakwitsa."

"Umenewo ndiye munda wanga," anakuwa a Dzoole ometa tsitsi. "Aphunzitsi anga ankati palibe wondiposa."

Anthu atamva kuti nkhani ndi ya Ndaziona, mtsikana amene ankawawerengera mapepala a mankhwala kwaulere, sanafunse zambiri. Anakhala m'magulu, wina pa thumba la makala, wina pa njinga, thobwa likuyenda m'zikho. Anayamba ndi maina a mbuzi zawo. Kenako a agalu, a nkhuku, a ng'ombe za kumudzi zimene zinafa kalekale. Makondakitala analemba maina olembedwa kumbuyo kwa maminibasi. Amayi a nsomba analemba maina amene amatchula amuna awo akakhala kulibe, ndipo kumeneko kunachokera maina ambiri kuposa kwina kulikonse. Foni iliyonse inkayankha chimodzimodzi: palibe, palibe, palibe.

Mai Nasoko analemba dzina limene ankati apeka okha, la mkazi, lokhala ndi dzina la bambo la amuna awo. Foni inayankha kuti pasiwedi yalakwika.

"Iii! Sinanene kuti palibetu. Ndiye kuti alipo ameneyu?"

"Lembani lina, mayi," anatero a Katsukunya mwachangu. "Zimenezo ndi za Loweruka."

Masana Anankhoma anadutsa pa msika ngati munthu wongodzagula ndiwo. Anaima pa tomato, nasankha pang'ono, osayang'ana aliyense.

"Onjezani, Nasoko. Thumba langa likadali ndi malo ambiri."

A Katsukunya anamva tanthauzo lake: kathumba ka Mlonda kanali kasanadzaze. Thobwa linali litatsala pansi pa mphika, ndipo maina anali atatha. Anthu anayamba kubwereza mbuzi zomwe zija. Ena anali atabwerera ku malonda awo. Ndaziona anakhala pakona ya kanyumba ka bambo ake atakumbatira chitini, akulira mosatulutsa mawu.

"Ababa, ingotsekulani ndiyese. Mwina wagwa."

"Sunamve? Sanagwe."

"Nanga maina tiwatenga kuti? Zinthu zosakhalapo zili ndi malire."

A Dzoole, amene ankameta munthu chapafupi, anaimitsa lumo m'malere.

"Mwana iwe, wabadwira kuti? Mu ufumu uno zosakhalapo zili ndi malire?" Anasiya mutu wa munthuyo uli theka, natenga foni. "Taonani. Mlatho wa pa mtsinje wa Liti." Anadina. Anakweza foniyo kuti onse aone. "Palibe!"

Msika unaphulika ndi phwete.

"Chipatala cha Amayi a Mfumu!" anakuwa Mai Nasoko. "Palibe!"

"Mjigo wa kwa Mudzamwa!"

"Msewu wa tala wopita ku Tidzafika!"

"Denga la msika uno!"

Amene anabwerera ku malonda aja anathamangiranso. Nkhalamba zimene zinakhala chete m'mawa wonse zinapezeka kuti ndizo nkhokwe: zinkakumbukira malonjezo a Mfumu ino, a bambo ake, ndi a agogo ake, mudzi ndi mudzi, sukulu ndi sukulu, ndi maina ake onse aatali. Achinyamata ankangolemba. Fakitale ya nsapato, damu la nsomba, sitima ya pamtunda, nyumba za aphunzitsi, ambulasi ya boma lililonse. Palibe, palibe, palibe. Mkulu wina wa mpingo, amene m'mawa anakana kulowa dimalo ponena kuti kulemba dzina lopeka ndi bodza, anavula chipewa n'kupempha foni. Anati zimenezi si zopeka, anazimva yekha ndi makutu ake pa msonkhano.

"Zaka zonsezi," anatero a Dzoole akupukuta misozi ya kuseka, "ndapeza ofesi ya boma yoyankha zoona, ndiponso msanga."

Mithunzi itatalika, Anankhoma anadutsanso. Mai Nasoko anayamba kuwathirira tomato m'thumba.

"Basi, basi, mayi. Lasefukira. Wa pansi uja wagwa kale."

A Katsukunya anatenga sizasi yawo yodulira malata. Anadula chivindikiro cha chitini chija, natulutsa foni. Anthu anaunjikana. Ndaziona anayatsa foni, nalemba dzina lake chilembo chimodzichimodzi, milomo ikuyenda, kenako pasiwedi. Pa foni panaoneka kagudumu kozungulira. Kanazungulira, kanazungulirabe. Mlonda sanapeze yankho m'kathumba, ndiye anali atatsikira kwa Kaundula, ndipo nkhalambayo inali itafunsidwa za milatho tsiku lonse.

"Dzukani agogo," ananong'ona a Katsukunya. "Funso limodzi lokha."

Kagudumu kanaima. Makalata anatseguka. Munali kalata imodzi yokha, ya ku sukulu ya anamwino. Ndaziona anayankha kuti malowo wawalandira, natumiza, kenako anakhala pansi pa fumbi. Nthungululu za amayi a nsomba zinamveka mpaka ku depoti. Munthu wometedwa theka uja anafunsa ngati tsopano angamalizidwe.

Lachisanu wailesi inaulutsa za ku bwalo, ndipo a Katsukunya anamvetsera akukhoma mbaula. Olemekezeka Chikayiko analengeza kuti adani zikwizikwi anaukira Mlonda tsiku limodzi, ndipo onse anabwezedwa, palibe ndi mmodzi yemwe analowa. Bwalo linaomba m'manja. Mfumu inalamula kuti adaniwo atchulidwe maina.

"Woyamba, Mfumu, ndi Mangamanga. Wachiwiri ndi Nyanga Imodzi. Wina akudzitcha Chidakwa Wanga." Mapepala anamveka akutembenuzidwa. "Palinso Mlatho wa pa... aa, ena onsewa ndi maina achilendo, Mfumu."

"Maliza. Mlatho wa pati?"

"Wa pa mtsinje wa Liti."

"Si uja ndinautsegulira ndekha umenewo?"

"Munatsegulira mwala wa maziko, Mfumu," anayankha Olemekezeka Kalongolola chapansipansi.

"Nanga m'makalata ukufunamo chiyani?"

Mwadzidzidzi wailesi inayamba kuimba nyimbo za kwaya. Itabwerera, muulutsi anawerenga lamulo latsopano: Olemekezeka Chikayiko alandira mendulo, ndipo Anankhoma akaonekere ku bwalo Lolemba, kuti akakulitse kathumba mpaka kukula koti ayi wina aliyense asadzagwenso.

Madzulo a tsikulo a Katsukunya anapita kumpanda atanyamula mbaula yatsopano, yokhoma bwino kuposa zonse za pa msika. Anaidutsitsa pamwamba pa bango.

"Iyi ndi ya mpiru uja."

"Mpiru wathokoza," anatero Anankhoma, koma sanaseke. "Mwamva za Lolemba?"

"Ndamva. Mukulitsa?"

"Ndikakulitsa, mwana wina wodzayesa ali m'minibasi alibenso dima lomupulumutsa. Ngakhale malonjezo a ufumu uno sangadzaze thumba limene akufunalo." Anapuma. "Dzulo ndinaima pa tomato paja ndikuona mwana wanu atakumbatira chitini. Ndinaphunzira zaka zonse zija kuti ndizikayankhula ndi masamba? Lolemba ndikagwada, ndikanenanso zomwe ndinanena poyamba. Kathumba kakule, palibe vuto, Kaundula apume. Koma ayi akhale wa nthawi yowiritsa tiyi."

"Akakukanani."

"Ndikudziwa. Ndipo ayi wa Mfumu mwini wake alibe n'komwe masika."

A Katsukunya anapukuta manja akuda ndi mwaye pa buluku. Anaganiza za nkhope yachifundo ija, ndi mzere wa anthu ogwada tsiku la madandaulo.

"Aneba, Mfumuyo mutu wake ndi waukulu bwanji?"

"Ngati wa munthu aliyense."

"Ndiye mverani. Akakukanani Lolemba, musabwerereko. Musagogodenso, khalani phee pakhomo pano muzithirira mpiru. Lachiwiri ine ndibwera ndi msika wonse. Dzoole akapempha kuti dazi likhale ndi tsiku lake la tchuthi. Nasoko akapempha chilolezo chowerenga makalata a amuna ake. Ine ndikapempha mbatata kumwera kwa mtsinje. Atikane mmodzimmodzi mpaka dzuwa kulowa, sabata ndi sabata, kufikira ayi wanu atagwa yekha m'mutu mwake. Mukadzapitanso inu, adzakufunsani kuti, mayi, tinaonanapo kale?"

Apa Anankhoma anaseka mpaka kugwira bango.

"Mukulonjeza zimenezo, bambo a Ndaziona?"

"Ndalonjeza. Thobwa lokha mudzaphike ndinu."